Louis Cartier: mkulu yemwe adawongola mizere ya zibangili

Mukachoka pa boma la Salima kulowera ku Senga Bay, poyandikira kumahotela a m'mphepete mwa nyanja, mumapeza zisakasa za anyamata ogulitsa ziboliboli. Pambali pa mipando ya mafumu, njovu zosema ndi bawo, pamalendewera mikanda ya m'khosi, ya pamkono komanso ndolo. Mukaiyang'anitsitsa muona kuti yambiri ilibe chithunzi cha duwa kapena mbalame. Ndi mizere basi: wakuda kutsatana ndi woyera, timakona titatu, timabokosi, ndi mzere wina wokwera n'kutsika ngati mano a sowo.

Kalukidwe komweko mukapeza pa lichero, pa dengu ndi pa mkeka wa mlaza. Ife tidakazolowera moti sitikaonanso.

Koma ku Ulaya, zaka 100 zapitazo, maonekedwe otere adali nkhani yaikulu. Amisiri a mumzinda wa Paris ku France adasiya kukongoletsa mphete, zibangili ndi mawotchi ndi timaluwa topiringizika, nayamba kutsata mizere yowongoka, makona ndi mitundu yowala yogundana. Kapangidwe kameneka lero kamatchedwa Art Deco, ndipo mpaka pano anthu amakalimbirana pa okushoni. Mmodzi mwa omwe adakatsegulira njira ndi Louis Cartier, yemwe adamwalira mu 1942.

Louis adabadwa pa 6 June 1875 mumzinda wa Paris. Sadabadwire mu umphawi, komanso banja lawo nthawi imeneyo silidali la anthu otchuka. Agogo ake aamuna, Louis-François Cartier, adali mmisiri wamba yemwe mu 1847 adatenga kashopu ka abwana ake, Adolphe Picard. Bambo ake, Alfred, ndiwo adakuza bizinesiyo, ngakhale katundu wambiri yemwe ankagulitsa adali wopangidwa ndi amisiri ena.

Louis adalowa m'kampaniyo mu 1898 ali ndi zaka 23. Chaka chomwecho adakwatira Andrée-Caroline Worth, mdzukulu wa Charles Frederick Worth, telala yemwe ankasokera akazi a mafumu ndi a mpondamatiki a ku Ulaya. Banjali silidalimbe ndipo lidatha, koma pa zamalonda lidathandiza. Mu 1899 shopu ya Cartier idasamukira pa nambala 13 mumsewu wa Rue de la Paix, pafupi ndi pomwe a Worth ankasokera. Mayi akatuluka koyesa diresi, ankangoyenda pang'ono n'kukasankha mkanda woyenerana nalo. Shopuyo ikadali pomwepo.

Mutu umodzi susenza denga. Louis adali ndi ang'ono ake awiri ndipo atatuwa adagawana dziko. Pierre adakatsegula nthambi ku New York mu 1909, Jacques adatenga ya ku London, pomwe Louis adatsala ku Paris, kuphata kwa zonse, kuganizira za kapangidwe. Makasitomala sadachedwe kubwera. Pokonzekera mwambo wolonga ufumu Edward VII wa ku Britain mu 1902, kampaniyi idalandira maoda a zisoti zadayamondi za amayi zokwana 27, ndipo mu 1904 mfumuyo idaipatsa chikalata choivomereza kuti izigulitsa katundu kunyumba yachifumu.

Chinthu choyamba chomwe Louis adasintha si maonekedwe ayi, koma chitsulo. Kale dayamondi ankamuika pa siliva chifukwa golide wachikasu amasokoneza kuyera kwa mwalawo. Vuto la siliva n'loti ndi wofewa ndipo amada pakapita nthawi, choncho mmisiri ankayenera kuika wambiri kuti mwala usagwe, n'kumatanso golide kunsi kuti asadetse khungu ndi zovala. Mapeto ake chinthucho chinkalemera, mwala n'kumira m'chitsulo.

Louis adakakamira pulatinamu. Chitsulochi n'choyera, sichichita dzimbiri, ndipo n'cholimba moti kawaya kochepetsetsa kamagwira mwala osaphotchoka. Amisiri ambiri ankachithawa kaamba koti n'chovuta kusungunula. Golide amasungunuka moto ukafika madigiri 1,064 pomwe pulatinamu amafuna 1,768, ndipo zida zotulutsa moto wotere zidayamba kupezeka mosavuta kumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Ndi chitsulo chimenechi, miyala inkaoneka ngati yangokhala payokha pakhungu. Chidathandizanso kuti mzere ukhale wowongokadi ndipo kona ikhale kona. Popanda pulatinamu, Art Deco ya zibangili sikadaoneka momwe timaidziwira.

Poyamba Louis ankagwiritsa ntchito chitsulochi popanga timaluwa ndi timaliboni totengera za mafumu akale a ku France. Koma pofika cha m'ma 1906, m'mabuku a kampaniyo mudayamba kuoneka tinthu tachilendo: timabokosi, tozungulira ndi timakona topanda duwa lililonse. Apa n'kuti kutatsala zaka pafupifupi 20 kuti kapangidwe kotere kafalikire.

Nanga nzeruyi adaitenga kuti? Louis adali munthu wokonda kuwerenga ndi kusonkhanitsa zinthu zakale. Zionetsero za luso la Chisilamu zomwe zidachitika ku Paris mu 1903 ndi ku Munich mu 1910 zidamutenga mtima, ndipo adayamba kugula mabuku ndi zojambula za ku Persia, dziko lomwe lero ndi Iran. M'mizikiti sajambulamo nkhope za anthu, kotero amisiri achisilamu adafika patali pokongoletsa makoma, zitseko ndi zikuto za mabuku ndi mizere yolukanalukana. Louis ankapereka mabuku otere kwa ojambula ake kuti aphunziremo.

Mu 1909 adalemba ntchito mnyamata wina wojambula, Charles Jacqueau. Chaka chomwecho gulu la zovinavina la ku Russia lotchedwa Ballets Russes lidafika mu Paris ndi zovala za mitundu yoti bwii. Awiriwa adatengapo phunziro. Adayamba kuphatikiza mwala wobiriwira wa emerald ndi wabuluu wa sapphire, zomwe anthu apamwamba a nthawiyo ankaziona ngati kusadziwa kuvala. Adayambanso kuika mwala wakuda bii wa onyx pambali pa dayamondi woyera mbee. Ndi wakuda ndi woyera yemwe uja wa pamikanda ya ku Senga Bay, kusiyana kwake mtengo.

Apa tinene chilungamo. Louis sadali wojambula wamkulu, ndipo si iye ankagwira nyundo. Ntchito yake idali kuganiza, kulemba malingaliro m'kabuku, kusankha anthu aluso ndi kukana chomwe sichidamukomere. Zinthu zikatuluka zinkadindidwa dzina limodzi lokha la Cartier. Jacqueau adagwira ntchito ku Paris zaka zoposa 25, koma ogula ambiri sankamudziwa n'komwe. Wosema wa m'mudzi yemwe amagulitsa ntchito yake kwa mwini chisakasa cha pamsewu angamvetse bwino nkhani imeneyi.

Chomwe chidafikitsa dzina la Louis kwa anthu ambiri ndi wotchi. Masiku amenewo mwamuna ankasunga wotchi m'thumba itamangidwa kutcheni, ya pamkono inkaonedwa ngati chibangili cha amayi. Mnzake wina wa ku Brazil, Alberto Santos-Dumont, adali katswiri wouluka ndi zibaluni komanso ndege zoyambirira. Nkhani imakambidwa kuti mkuluyu adadandaula kuti sangapise dzanja m'thumba kuona nthawi uku akuwongolera chombo m'mwamba. Mu 1904 Louis adamupangira wotchi ya lamba wachikopa, ya makona anayi m'malo mozungulira. Idayamba kugulitsidwa kwa anthu onse mu 1911 ndi dzina loti Santos.

Kenaka kudabwera nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Mu 1917, chaka chomwe makolo athu ambiri kuno ku Nyasaland ankasenza katundu wa asilikali pa mtengatenga, Louis adajambula wotchi ina potengera akasinja a Renault omwe France idapanga pankhondoyo. Mukamuyang'ana kasinja kuchokera pamwamba mumaona bokosi pakati ndi matcheni awiri m'mbali. Wotchiyo ili chimodzimodzi: nkhope ya makona anayi ndi timizati tiwiri m'mbali tomwe timapitirira kukagwira lamba. Adaitcha Tank, ndipo idalowa pamsika mu 1919.

N'zomvetsa chisoni kuti chida chophera anthu ndicho chidabala chinthu chokongola chonchi, koma wotchiyi yakhala ikupangidwa kwa zaka zoposa 100 osasintha kwenikweni. Adavalapo katswiri wa nkhonya Muhammad Ali komanso Princess Diana. Ya Jacqueline Kennedy, mkazi wa mtsogoleri wakale wa America, idagulidwa madola 379,500 pa okushoni mu 2017.

Nkhondo itatha, amayi a ku Ulaya sadabwererenso mwakale. Ambiri adali atagwira ntchito m'mafakitale ndi m'maofesi amuna ali kunkhondo. Adadula tsitsi, adataya zovala zomanga mimba, nayamba kuvala madiresi owongoka opanda manja, kuyendetsa galimoto ndi kusewera tenesi. Khutu likakhala poyera limafuna ndolo yaitali, mkono ukakhala pamtunda umafuna zibangili. Zisoti zolemera za dayamondi zija zidayamba kuchepa ntchito, makamaka poti mafumu a ku Russia, Germany ndi Austria adali atagwa. Zomwe Louis adayamba kuyesa nkhondo isadayambe tsopano zidapeza msika.

Kudabweranso zina zosonkhezera moto. Mu 1922 manda a Farao Tutankhamun adapezeka ku Egypt ndipo dziko lonse lidapenga ndi za Aigupto. Louis ankagula tizidutswa takale ta ku Egypt n'kutiika pakati pa dayamondi ndi onyx. Mng'ono wake Jacques, yemwe adapita koyamba ku India mu 1911, ankabweretsa miyala yofiira, yobiriwira ndi yabuluu yosemedwa ngati masamba ndi zipatso. Zibangili zopangidwa ndi miyala imeneyi pambuyo pake zidapatsidwa dzina loti Tutti Frutti. Amisiri ena a ku Paris, monga Jean Dunand, ankayang'ana kuno ku Africa, kutengera makoza ndi mikombero ya m'khosi.

Chimake cha zonsezi chidali chionetsero chachikulu cha luso lokongoletsa chomwe chidachitika ku Paris kuyambira April mpaka October 1925, komwe kudafika anthu pafupifupi 16 miliyoni. Louis sadafune kuika katundu wake pamodzi ndi anzake ogulitsa miyala. Adakamuika m'nyumba ya atelala otchuka monga Worth ndi Lanvin, kusonyeza kuti kwa iye mkanda ndi diresi n'chinthu chimodzi. Dzina loti Art Deco lidachokera ku dzina la chionetserochi, koma lidafala mochedwa, m'zaka za m'ma 1960, makamaka Bevis Hillier atatulutsa buku lake mu 1968. Louis mwini wake adamwalira asadalimve likutchulidwa momwe tikulitchuliramu.

Chaka chomwecho cha 1925, mfumu ina yolemera ya ku India, Maharaja Bhupinder Singh wa ku Patiala, idafika ku shopu ya Cartier ndi mabokosi a miyala kuti aikonzere mwamakono. Ntchitoyo idatenga zaka zitatu. Mu 1928 mudatuluka mkanda wa mizere isanu ya pulatinamu, wophimba chifuwa chonse, wokhala ndi dayamondi 2,930. Pakati pake padali dayamondi wachikasu wotchedwa De Beers, wolemera makarati 234.65. Karati imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo asanu a galamu, ndiye kuti mwalawo umalemera pafupifupi magalamu 47.

Mwala umenewu udakumbidwa mu 1888 ku Kimberley, m'dziko la South Africa. M'migodi ya kumeneko anthu akuda ankatsekeredwa m'makomboni ozunguliridwa ndi mpanda mpaka kontirakiti itatha, ndipo potuluka ankasechedwa thupi lonse kuopa kuti ameza mwala. Pulatinamu naye, yemwe poyamba ankachokera ku Russia ndi Colombia, adapezeka wochuluka ku Transvaal mu 1924 pa kafukufuku wa Hans Merensky, ndipo South Africa ndiyo idadzakhala dziko lokumba chitsulochi kwambiri padziko lonse. Aliyense yemwe agogo ake adakwera Wenela kupita ku Joni akudziwa kuti kuwala kwa m'mashopu a ku Paris kudali ndi mbali ina yamdima, pansi pa nthaka, komwe munthu ankalandira ndalama yosakwana n'kachidutswa komwe ka zomwe wakumba.

Zaka zabwino sizidakhalitse. Mu October 1929 msika wa masheya ku New York udagwa ndipo olemera ambiri adasauka. Ngale nazo zidagwa mtengo anthu a ku Japan atapeza njira yoziweta m'nyanja. Onani izi: mu 1917 Pierre adapeza nyumba yaikulu mumsewu wa Fifth Avenue ku New York posinthanitsa ndi mkanda wa ngale wa mizere iwiri, wa ndalama zokwana madola 1 miliyoni, n'kuwonjezerapo madola 100 okha. Mu 1957 ngale zomwezo zidagulitsidwa madola 151,000. Nyumba ija ikadali shopu ya Cartier mpaka lero.

Louis adakwatiranso mu 1924, ulendo uno Jacqueline Almásy wa ku banja lolemekezeka la ku Hungary, ndipo adabereka mwana wamwamuna, Claude, mu 1925. Adayamba kukhalitsa ku Budapest. Mu 1933 adapereka udindo woyang'anira zokongoletsa zamtengo wapatali kwa Jeanne Toussaint, mayi wobadwira ku Belgium m'banja losauka, yemwe kale adali naye paubwenzi. Kupatsa mkazi mpando wotere masiku amenewo sichidali chinthu chamasewera. Toussaint adabwezeretsa golide wachikasu, maluwa, mbalame ndi kambuku yemwe lero ndi chizindikiro cha kampaniyo. Nyengo ya mizere yowongoka idayamba kuzilala. Pomwe njanji inkafika ku Salima mu 1935, ku Paris fashoni idali itayamba kale kukhota.

Nkhondo yachiwiri itabuka ndipo Germany italanda Paris mu 1940, Louis adathawira ku America. Jacques adamwalira mu 1941. Louis adamutsatira pa 23 July 1942 ku New York ali ndi zaka 67, kutali ndi shopu yake, mzinda wake uli m'manja mwa adani. Pierre adakhala mpaka 1964.

Ana awo sadagwirizane ngati makolo awo. Claude adagulitsa nthambi ya ku New York mu 1962, ya ku Paris idatsatira, ndipo ya ku London idachoka m'manja mwa banjali mu 1974. Lero Cartier ili pansi pa kampani ya Richemont ya ku Switzerland, yomwe adaikhazikitsa mu 1988 ndi Johann Rupert, mpondamatiki wa ku South Africa.

Nanga bwanji zinthu za nthawi ya Louis sizikutha fashoni? Chifukwa china n'chakuti mzere ndi kona sizikalamba. Duwa losemedwa mu 1890 limaoneka kuti ndi la mu 1890, koma bokosi lakuda pambali pa loyera lingakhale la chaka chilichonse, ndipo limakhala bwino pa suti, pa jinzi ngakhale pa chitenje. China ndi ntchito ya manja. Miyala inkadulidwa umodziumodzi kuti ilowe ndendende pamalo pake popanda mpata, ntchito yomwe lero ndi yodula kwambiri. Zambiri mwa zinthuzo zidaphwasulidwanso eni ake atafuna fashoni yatsopano, choncho zotsala n'zochepa. Mu April 2020, dziko lili pa mliri wa Covid-19, chibangili chimodzi cha Tutti Frutti chidagulidwa madola 1.34 miliyoni pa okushoni ya pa intaneti ya kampani ya Sotheby's. Wogula chotere salipira miyala yokha, poti miyala yosemedwa ya mtunduwu nthawi zambiri si yapamwamba kwenikweni. Amalipira kapangidwe ndi dzina.

Apa mpomwe nkhaniyi ikutikhudza. Dziko lino lili ndi ruby ndi sapphire paphiri la Chimwadzulu ku Ntcheu, lili ndi aquamarine ku Mzimba. Anzathu a ku Zambia ali ndi emerald ku Kagem, a ku Mozambique ali ndi ruby ku Montepuez. Kwa zaka zambiri miyala yathu yakhala ikutuluka ili yosadula, yosapukuta, ndipo mu 2025 boma lidalengeza zoletsa kutumiza kunja miyala yosakonza. Kuletsako n'koyenera, koma lamulo palokha silidula mwala ndipo silijambula mphete. Louis Cartier adalibe mgodi ngakhale umodzi. Adali ndi laibulale, ojambula, odula miyala, osula, ndi khama losunga chojambula chilichonse m'mabuku kuti cha mawa chimangidwe pa cha dzulo.

Ndipo luso lotenga cha kutali n'kuchisandutsa chako si lachilendo kunyanja kuno. Mikanda yagalasi yomwe amalonda achiyao ndi achiswahili ankabwera nayo kuchokera kugombe la nyanja ya mchere m'zaka za m'ma 1800, yambiri inkapangidwa ku Venice ndi ku Bohemia. Galasi lidali la azungu, koma kasanjidwe ka mitundu pa ulusi kadali ka amayi akuno. Chomwe chimasowa pa chisakasa cha ku Senga Bay si diso. Mlendo akagula mkanda sauzidwa yemwe waupanga, ndipo akabweranso chaka chamawa sangathe kufunsa ntchito ya munthu yemweyo.

Za mkanda wa ku Patiala uja, udasowa mosungira chuma cha mfumuyo cha m'ma 1948. Dayamondi wa De Beers adadzaonekera payekha pa okushoni ku Geneva mu 1982. Mu 1998 Eric Nussbaum, yemwe ankayang'anira ntchito yogulanso zinthu zakale za Cartier, adapeza zotsalira za mkandawo mu shopu ina ku London. Padatsala mizere ya pulatinamu ija ndi timiyala ting'onoting'ono, miyala yonse ikuluikulu itazulidwa.

Kampaniyo idagula chigobacho. Amisiri ake adatsegula mabuku ndi zithunzi za m'ma 1920 n'kuubwezeretsa momwe udalili, koma m'mabowo a miyala ikuluikulu adaikamo miyala yochita kupanga m'fakitale. Ndi momwe wakhala ukuyendera m'zionetsero za maiko osiyanasiyana, ndipo mu 2025 anthu adakauona kunyumba yosungiramo zinthu zakale ya Victoria and Albert mumzinda wa London, pakati pake pakunyezimira mwala wachikasu womwe si dayamondi.